Bwanji boma silingotsitsa mtengo wa petulo? Yankho kwa mchimwene wa kabaza

Funso lafika kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mwachidule akuti: "Akulu, boma ndi lomwe limalengeza mtengo wa petulo kudzera ku MERA, nde chikulikaniza ndi chani kungotsitsa kuti ife osauka tipumeko? Petulo akakwera makasitomala amakana mtengo watsopano, mwini njinga akufunabe ndalama yake ya patsiku, ine ndimabwerera kunyumba chimanjamanja. Si nkhanza zimenezi?"

Achimwene, ululu wanu ndikuumvetsa, munthu kuwotchedwa ndi dzuwa tsiku lonse pamsewu nkukafika kunyumba opanda olo ya ndiwo si chinthu chopepuka. Koma ndikuyankhani mosapsatira olo yankho lake silikoma. Boma likhoza kulemba nambala iliyonse papampu, limenelo ndi dzanja lawo, koma silingalamule mtengo omwe mafutawo timagulira kunja, ndipo nthawi zonse zomwe maboma athu ayesera kubisa mtengo weniweni amene walira kwambiri ndi munthu ngati inuyo, osati bwana wa Prado.

Tiyambire pomwe petulo amachokera. Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibe fakitale yoyengera mafuta, alibenso doko lakelake la kunyanja yamchere. Lita iliyonse yomwe mumathira mu njinga yanu yafika pa sitima yapamadzi ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako yakwera thanki nkuyenda mtunda wautali kudzalowa pa Mwanza, Dedza kapena Songwe. Amene amaitanitsa ndi NOCMA, kampani ya boma, ndi Petroleum Importers Limited yomwe ndi ya makampani ogulitsa mafuta. Ndipo wogulitsa wa kunja uja kwacha saidziwa, amafuna dola. Nde mtengo wa papampu uli ndi miyendo ingapo: mtengo wa mafutawo pa msika wa dziko lonse, mtengo wa dola, ndalama zonyamulira ndi inshuwalansi, misonkho ndi malevi, kenako phindu la oitanitsa ndi eni malo omwetsera mafuta. Pa zonsezi chomwe boma lingachisinthe ndi cholembera tsiku limodzi makamaka ndi misonkho ndi malevi. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 mtengo wa mafuta osayenga unadutsa madola 120 pa mgolo, panalibe nduna ya ku Capital Hill yomwe ikanaletsa zimenezo.

Taganizani mayi wa okala amene waoda shuga pa K3,000 paketi, kenako mfumu yalamula kuti m'mudzi muno shuga asadutse K2,000. Sabata yoyamba anthu avina, mfumu yathu ndi yachifundo. Sabata yachiwiri mayi uja sakaodanso chifukwa mpamba watha, shuga wasowa, ndipo amene wabisa mapaketi angapo kuseri akugulitsa pa K5,000. Lamulo lija likadalipo ndithu, mtengo wa K2,000 ukadali wolembedwa pakhoma, koma tiyi mukumwa wopanda shuga. Za mafuta zimayenda chimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti okala yake ndi dziko lonse.

Ndiye pali dongosolo lomwe linakhazikitsidwa dala kuti andale asamasewere ndi mtengowu, amalitcha Automatic Pricing Mechanism. Mfundo yake ndi yosavuta, MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, iziunika mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zofikitsira mafuta m'dziko muno zikasintha kupitirira 5 peresenti, mtengo wa papampu usinthenso, kaya kukwera kaya kutsika. Kusintha kukakhala kochepa pali thumba lotchedwa Price Stabilisation Fund lomwe limayenera kutseka mpatawo. Thumba limenelo ndi lothandiza pa kagwedezeka kakang'ono, silinapangidwe kuti lizinyamula dziko lonse zaka ziwiri. Dongosololi likamatsatidwa mtengo umakwera pang'onopang'ono ndipo pena umatsikadi. Vuto limayamba chisankho chikayandikira kapena mtsogoleri akaopa kunyozedwa, basi amaliika pambali mwakachetechete.

Izi taziona kawiri ndi maso athu, ndipo zipani zake ndi zosiyana, nde pasakhale wina woti ndikukondera. Koyamba ndi nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, teremu yachiwiri. Bingu anakana kwamtuwagalu kugwetsa kwacha, dola ku banki inali cha pa K168 koma ku banki komweko kunalibe dola, fodya sanagulidwe bwino mu 2011, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti. Anthu ankagona m'magalimoto pamizere, zigubu zinali paliponse, ndipo pa 20 July 2011 anthu anatuluka m'misewu, pafupifupi 20 anataya miyoyo. Bingu atamwalira mu April 2012, boma la mayi Joyce Banda mu May linasiya kwacha kuti ipeze mtengo wake, dola inafika cha pa K250, nkubwezeretsanso dongosolo la mitengo ya mafuta lija. Zinawawa zedi, katundu anakwera, anthu anadandaula ndipo anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma patangopita miyezi yochepa mizere inatha, munthu umafika papampu nkuthira nkumapita.

Kachiwiri ndi posachedwapa mu ulamuliro wa a Lazarus Chakwera. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700, ndipo petulo anaikidwa pa K2,530 lita, dizilo pa K2,734. Kuchokera pamenepo mtengo unangoima pompo mpaka chisankho cha September 2025 chinadutsa, pafupifupi zaka ziwiri, pamene chimanga, sopo, lendi, simenti, zonse zimakwera mwezi ndi mwezi. Papepala tinali ndi petulo wotchipa. Inuyo achimwene mukudziwa bwino kuposa ine momwe petulo wotchipayo ankapezekera, kudzuka 3 koloko m'bandakucha kukaima pamzere chifukwa mwamva pa WhatsApp kuti thanki ikubwera, kufika masana nkuuzidwa kuti watha, kenako kukagula wa m'mabotolo kwa mavenda pa mtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, pena wosakaniza ndi zinthu zina zomwe zimakuonongerani injini. Tsiku lomwe mwaima pamzere simunanyamule kasitomala olo mmodzi koma mwini njinga akuwerenga tsikulo. Ndalama yomwe munataya pamzere ija sinalembedwe pena paliponse, koma inatuluka m'thumba mwanu.

Tiwerengere limodzi kuti muone pomwe mafuta ankathawira. K2,530 pa mtengo wa ku banki wa cha pa K1,750 dola imodzi ndi pafupifupi $1.45 lita, mtengo woti sukusiyana kwambiri ndi wa anansi athu. Koma munthu amene wabwera ndi dola m'thumba nkukasintha kwa mavenda, tiyerekeze pa K4,000 monga zinkamvekera mu 2025, lita yomweyo akuigula pa masenti 63 okha. Nde munthu wa ku Chipata kapena ku Tete, kapena Mmalawi wochenjera wokhala pafupi ndi malire, achita chani? Adzadza zigubu nkuwolotsa. Dola yathu yochepa yomwe tinavutika kuipeza pogulitsa fodya inkagula mafuta oyendetsa magalimoto a m'mayiko ena. Mutha kuika apolisi pa rodibuloko iliyonse, phindu likakhala lalikulu choncho anthu apeza njira ya kutchire, enanso oyenera kulondera amalowa nawo mu dilu.

Chinanso chomwe anthu sachiona, mtengo ukapanikizidwa oitanitsa mafuta amagulitsa moluza, ndipo thumba lija likauma amasanduka okongoza boma. Pofuna kudzilipira amagwira ndalama za malevi zomwe zimayenera kupita ku Roads Fund Administration yokonzera misewu ndi ku MAREP yofikitsa magetsi kumidzi. Zotsatira zake ndi maenje a pamsewu omwe akukuthyolerani mashoko ndi marimu, ndi malo ochitira malonda kumudzi kwanu omwe akudikirabe mapolo a magetsi. Ngongole yotsalayo idzabwezedwa ndi misonkho kapena ndi mtengo wa mafuta wa mtsogolo, kutanthauza inu nomwe kapena ana anu.

Ndipo tifunsane moona mtima, petulo wotchipa amapindulira ndani kwenikweni? Amalawi oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ambiri alibe galimoto olo njinga yamoto. Amene amathira malita 80 nthawi imodzi, amene ali ndi magalimoto atatu pakhomo ndi jenereta, ndi amene amatenga gawo lalikulu la sabuside yobisikayi, ndipo ndi yemweyonso ali ndi nambala ya manijala wa pa filling station woti amusungire. Ndikudziwa wina anena kuti mafuta akakwera chilichonse chimakwera, minibasi, chigayo cha dizilo, matola a tomato, ndipo nzoona. Koma kumbukirani kuti nthawi ya mizere ija minibasi zinakwera kale mtengo potengera mafuta a mavenda, osauka ankalipira mtengo wa m'zigubu pamene mtengo wa papampu umadyedwa ndi odziwana ndi anthu. Ngati cholinga ndi kuthandiza wovutikitsitsa, bola kumupatsa ndalama m'manja kudzera ku Mtukula Pakhomo, ikhale yolembedwa mu bajeti aliyense aione, kusiyana nkutsitsira mtengo aliyense kuphatikizapo amene sakusowa kanthu.

Chisankho chitadutsa, a Peter Mutharika atapambana, kumayambiriro kwa October 2025 MERA inakweza petulo kufika K3,499 ndi dizilo K3,500. Petulo kukwera ndi 38 peresenti usiku umodzi, palibe bizinesi ya kabaza yomwe ingakonzekere zimenezo, ndipo apa mkwiyo wanu ndi womveka. Koma chibakera chimenecho chinakula chifukwa chosungidwa zaka ziwiri. Chikanabwera K50 mwezi uno, K80 mwezi winawo, inu ndi makasitomala anu mukanazolowerana pang'onopang'ono, mwini njinga naye mukanakambirana naye bwinobwino.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mkwiyo wanuwo muulozetse, chifukwa ine sindikunena kuti boma lilibe mlandu, mlandu lili nawo waukulu, koma si wa papampu. Petulo amadula ku Malawi makamaka chifukwa kwacha ilibe mphamvu, ndipo kwacha ilibe mphamvu pa zifukwa ziwiri zomwe tonse timazidziwa koma sitikonda kuzikamba. Choyamba timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, katundu wolowa amakhala cha m'ma madola 3 biliyoni pachaka pamene wotuluka amangozungulira pa 1 biliyoni, ndipo mbali yaikulu ndi fodya yemwe msika wake umatsegulidwa miyezi yochepa chabe pachaka, kenako tiyi, shuga, nandolo, soya, mtedza ndi makademiya. Mafuta ndi feteleza zokha zimameza gawo lalikulu la madola amenewo. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chimandipweteka mtima kwambiri, boma limadya ndalama zambiri kuposa zomwe MRA, bungwe lotolera misonkho, imatolera, chaka ndi chaka, boma lililonse. Mpatawo amautseka pokongola ku mabanki a m'dziko momwemuno, pena ku Reserve Bank komwe, nde makwacha amachuluka m'dziko pamene chimanga ndi madola sizinachuluke, mapeto ake mitengo imakwera. Reserve Bank pofuna kuzimitsa moto inakweza chiwongola dzanja chake kufika 26 peresenti mu 2024, ndiye inuyo mukapita ku banki kuti mukongole mugule njinga yanuyanu muleke kugwirira wina, akuuzani chiwongola dzanja chodutsa 30 peresenti, ndipo bankiyo ilibe nanu chidwi chifukwa kukongoza boma nkosavuta komanso kopindulitsa. Boma likamakongola mosadziletsa limalanda malo a munthu wabizinesi yaing'ono pamzere wa ngongole.

Ndalama zimenezo zimapita kuti? Gawo lalikulu tsopano likungobweza chiwongola dzanja cha ngongole zakale. Zina ndi maulendo akunja a anthu ambirimbiri, midipiti ya magalimoto, maalawansi a misonkhano ya kunyanja yomwe ikanachitikira mu ofesi, malita a mafuta aulere a mabwana mwezi ndi mwezi, makampani a boma omwe amaluza chaka chilichonse nkupulumutsidwa ndi misonkho yathu, osanenanso za kuba komwe tinakuona poyera pa Cashgate mu 2013. Munthu amene mafuta ake amalipiridwa ndi boma sangamve kutentha komwe inu mukumva, nde bwanji afulumire kukonza?

Nchifukwa chake ndimanena kuti kugwetsa kwacha pakokha si mankhwala. Tinagwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, tinagwetsanso ndi 44 peresenti mu November 2023 kuti tilowe mu pulogalamu ya ngongole ya IMF, bungwe lokongoza mayiko ndalama, ya madola pafupifupi 175 miliyoni, koma kadyedwe ka boma sikanasinthe, mtengo wa ku banki unamangidwanso pamalo amodzi, wa mavenda unathawanso, ndipo pulogalamuyo inafa mu May 2025 isanafike kumapeto. Anthu anamva ululu wonse koma phindu lake sanalione. Ukagwetsa ndalama uyenera kumanga lamba m'boma nthawi yomweyo, apo ayi wangozunza anthu pachabe. Olo dongosolo logula mafuta boma ndi boma lomwe linalengezedwa kumapeto kwa 2024, lingathandize kupeza nthawi yotalikirapo yolipirira, koma tsiku lolipira likafika akufunabe dola.

Mwina mufunsa kuti nanga misonkho ndi malevi zija sangachotseko? Angathe, ndipo ine ndingakondwe kuona lita ikupepukidwa. Koma ndalama iliyonse yomwe yachotsedwa apo iyenera kudulidwa penapake mu bajeti, achepetse maulendo, agulitse magalimoto ena, atseke maofesi ongobwerezana ntchito. Akangochotsa levi popanda kudula kadyedwe, akakongolanso, ndipo mudzailipira pa mtengo wa ufa.

Pali mbali inanso yomwe ikutikhudza ife eni ake, ndipo ndinena olo ena akwiye. Tazolowera kuyeza mtsogoleri ndi zomwe watigawira. Pa kampeni amene walonjeza feteleza wotchipa, mafuta otchipa, ntchito miyandamiyanda ndi amene timamuombera m'manja, palibe amene amaimirira pa msonkhano kufunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 thumba la feteleza linali K4,495, tonse tinasangalala, koma feteleza amagulidwanso ndi madola omwewo omwe amafunika pa dizilo ndi mankhwala a m'zipatala. Phungu timamuyeza ndi mabokosi a maliro omwe wagula, osati ndi mafunso omwe wafunsa pa bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Wandale amaphunzira msanga zomwe ovota akufuna, akaona kuti chilungamo chimaluzitsa mavoti amasiya kuchinena. Makolo athu ankadziwa kuti nkhokwe sudya yonse mwezi wokolola, ndipo m'mabanki a m'mudzi amayi amadziwa bwino lomwe kuti wokongola osabweza amagwetsa gulu lonse, nzeru imeneyo tili nayo pakhomo koma tikafika pa zaboma timaiiwala.

Zomwe zingatsitsedi mtengo ndi zapang'onopang'ono ndipo sizikoma pa msonkhano wandale. Kunyamula mafuta ambiri pa njanji kuchokera ku Nacala kumatchipa kusiyana ndi mathanki a pamsewu. Nkhokwe za NOCMA ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zomwe zimatha kusunga malita 60 miliyoni zizikhala ndi mafuta, kuti kukachitika zipolowe ku Mozambique ngati za pambuyo pa chisankho chawo cha 2024 tisamaume sabata yomweyo. Ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa yemwe timasakaniza ndi petulo, ntchito yomwe inayamba kale m'ma 1980, achuluke chifukwa ameneyo timalipira ndi kwacha. Magetsi akhale odalirika, chifukwa malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo fakitale ndi chigayo chilichonse chomwe chinayatsa jenereta chinkapikisana nanu pa mafuta omwewo. Koposa zonse mlimi ndi wabizinesi amene akugulitsa kunja asiyidwe apeze mtengo weniweni wa dola yake, chifukwa ukamukakamiza kusintha pa mtengo wotsika wa ku banki, soya wake adutsira njira zachidule ndipo dolayo sifika nkomwe m'dziko muno.

Kwa inu panokha achimwene, poti mawa mukudzukanso kupita pa siteji, chitani izi. Dzadzani thanki, lembani makilomita, muone kuti lita imodzi ikukuyendetsani mtunda wanji, kenako muwerengere petulo, oilo, matayala ndi ya mwini njinga pa ulendo uliwonse womwe mumayenda kawirikawiri, ambiri mwa anzanu amatchaja mongoganizira ndipo maulendo ena amayenda moluza osadziwa. Mtengo watsopano mugwirizane pa siteji yonse tsiku limodzi, chifukwa mukakweza nokha kasitomala angodumphira kwa mnzanu. Mwini njinga mukhale naye pansi ndi manambala olembedwawo, munthu amamva msanga akaona papepala kusiyana ndi kungomudandaulira, mumupemphe kuti ya patsiku iziunikidwanso nthawi iliyonse MERA ikasintha mtengo. Petulo musamasunge m'nyumba yogona olo mutamva mphekesera zoti asowa, mabanja apsa ndi zigubu. Ndipo ngati muli mu chipereganyu kapena banki ya m'mudzi, cholinga chanu choyamba chikhale njinga yanuyanu olo yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa ndalama yomwe mukupereka kwa bwana tsiku ndi tsiku ndi yomwe ingakupatseni mpata wopumira petulo akadzakweranso. Phungu wanu akadzabwera ku dera, mufunseni kuti anavota bwanji pa ngongole zatsopano za boma komanso ngati angakakamize MERA kuti izisindikiza mwezi uliwonse momwe mtengo wa lita wagawidwira, kwacha ndi kwacha.